Uthenga ufike madzi asanafike kwa Jenala

Madzi amene amawononga kwa Jenala nthawi zambiri sagwa pomwepo. Amachokera kumtunda, ku mapiri a Mulanje ndi Michesi, n'kutsetsereka m'chigwa cha Phalombe kulowera ku nyanja ya Chilwa. Munthu amatha kugona kunja kuli nyenyezi n'kudzuka chimanga chili m'madzi.

Makolo ankadalira maso ndi makutu: mtambo wakuda bii pamwamba pa phiri, kulindima kwa miyala, mfuu ya anthu akumtunda. Boma litayamba kuyeza mitsinje, linkazika ndodo zolembedwa manambala m'mphepete mwa madzi, n'kulemba ntchito munthu wa m'mudzi kuti aziwerenga tsiku ndi tsiku. Manambalawo ankakhala m'kabuku kamene kankafika ku ofesi patapita masabata. Ofufuza ankapindula nawo ndithu, koma manambalawo sankadzutsa munthu pakati pa usiku. Napolo wa mu Marichi 1991, amene anagumula Michesi n'kupha anthu mazanamazana, anabwera modzidzimutsa.

Zinthu ziwiri zinkasowa: kachipangizo kosagona tulo, ndi njira yofikitsira uthenga kumudzi. Amalawi ena athera moyo wawo wa kuyunivesite pa mafunso otere. Chomora Mikeka anapeza digiri ya udokotala ku Yokohama National University ku Japan, komwe ankafufuza mmene mafunde a wailesi angapatsire mphamvu tizipangizo tating'ono. Atabwerera ku Chancellor College, mu 2013 anatsogolera ntchito yoyesera, mogwirizana ndi bungwe la MACRA, yotumiza intaneti kudzera m'mafunde a kanema amene ankangokhala osagwira ntchito. Chipatala cha Pirimiti ndi sukulu ya atsikana ya St Mary's ku Zomba zinalumikizidwa motero. Ntchito imeneyi sinali ya mitsinje, koma inaonetsa kuti mainjiniya athu omwe angathe kufikitsa uthenga kutali pamtengo wochepa.

Ku mitsinje masensa, timabokosi toyeza madzi, anafika kudzera mu pulojekiti ya M-CLIMES, imene inayamba mu 2017 ndi ndalama za Green Climate Fund kudzera ku UNDP, ndipo Phalombe anali m'gulu la maboma opindula. Kabokosi kamaikidwa kumtunda kwa mtsinje, kali ndi sola ndi batire yake. Kamayeza msinkhu wa madzi usana ndi usiku, ndipo akadutsa malire, uthenga umathamangira pa foni za makomiti a kumunsi kuti achenjeze anthu. Ngakhale maola ochepa amakwana kutulutsa ana, agogo ndi mbuzi.

Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023, amene anakokolola misewu ndi milatho ku Phalombe, anatsimikiza kuti chigwachi chikufuna maso ambiri otere. Komatu kabokosi kamafa batire ikatha kapena sola ikabedwa, ndipo wokonza akamachokera ku Lilongwe, dzinja limatha asanafike. Mayunivesite a MUST ndi MUBAS aphunzitse ana a kwa Jenala kupanga ndi kukonza masensa amenewa, ndipo boma liwalembe ntchito kwawo komweko.