Otto Warburg ndi Njala ya Khansa

Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Mwambiwu ukuyenera bwino mbiri ya Otto Warburg, katswiri wa sayansi wa ku Germany, amene adatulukira khalidwe lina la nthenda ya khansa, koma padapita zaka pafupifupi 70 anthu asanamvetse gwero lake.

Warburg adabadwira ku Freiburg m'chaka cha 1883. Atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kumene adavulazidwa, adapitiriza ntchito yake ku Berlin yofufuza m'mene maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, amapezera mphamvu. Selo labwino limatenga shuga wa m'magazi ndi kumutentha ndi mpweya wa okosijeni mpaka atatheratu, monga nkhuni zouma zimene zimangosiya phulusa. Mpweyawo ukachepa, monga zimachitikira m'minofu ya munthu wothamanga kwambiri, selo limangomuphwanya shugayo mwatheka ndi kutaya asidi wa lakitiki. Njira yachiwiriyi ndi yosakaza, pakuti mphamvu zake zimachepa koposa kakhumi poyerekeza ndi yoyamba ija.

M'zaka za 1923 ndi 1924 Warburg adadula timagawo topyapyala ta zotupa za makoswe nayeza kadyedwe kake. Zimene adapeza zidamudabwitsa. Maselo a khansa ankameza shuga mwaumbombo ndi kutaya asidi wochuluka ngakhale mpweya udalipo wokwanira. Iye adatsimikiza mumtima mwake kuti mafuwa a maselowo adagumuka, ndipo kuti kulephera kutentha shuga bwino ndicho chiyambi chenicheni cha khansa.

Munthuyu sadali wamba. M'chaka cha 1931 adalandira mphotho ya Nobel chifukwa cha kafukufuku wake wa kapumidwe ka maselo, ndipo ngakhale bambo wake adali wa mtundu wa Ayuda, iye adapitirizabe ntchito mu ulamuliro wa Hitler. Komatu adali wamakani, wosafuna kutsutsidwa. M'chaka cha 1956 adabwerezanso maganizo ake omwe aja, koma anzake adali atatembenukira kale ku DNA, imene kapangidwe kake kadadziwika mu 1953. Adamwalira mu 1970 asanasinthe maganizo. Mu 1976 Michael Bishop ndi Harold Varmus adaonetsa kuti majini oyambitsa khansa ndi majini athu omwe amene asokonekera, ndipo nkhani ya shuga ija idakhala ngati yaiwalika.

Chodabwitsa n'chakuti majini omwewo ndiwo adaidzutsanso nkhaniyo m'zaka za m'ma 1990. Kudapezeka kuti selo labwino silidya mwachisawawa, koma limadikira uthenga. Uthengawo umanyamulidwa ndi mapuloteni ena amene amagwira ntchito ngati amithenga a mfumu. Puloteni yotchedwa Akt imachititsa kuti makomo olowera shuga achuluke pakhungu la selo. Ina, yotchedwa Myc, imalamula kuti zida zophwanyira shuga zipangidwe zambiri. Inanso ndi HIF-1, imene Gregg Semenza adaitulukira, ndipo imadzutsidwa mpweya ukachepa. Jini likasokonekera, amithengawa amangolengezabe kuti selo lidye ndi kukula, chikhalirecho palibe wawatuma.

Nanga selo la khansa limapindulanji ndi kusakaza kotereku? Womanga nyumba sasonkhera moto mitengo yonse imene wadula, ina amaisungira denga. Chimodzimodzinso selo limene likuswana mofulumira lifuna zomangira maselo atsopano, ndipo zina mwa izo limazipeza m'zidutswa za shuga wosapsereratuyo. Kudadziwikanso kuti m'makhansa ambiri mafuwa aja ndi abwinobwino. Tsono Warburg adaona zoona, koma pomasulira adasandutsa chizindikiro kukhala gwero.

Lero madokotala amagwiritsa ntchito njala yomweyi posaka nthendayi. Amabaya wodwala shuga wokhala ndi chizindikiro, ndipo makina a PET amaonetsa malo amene shugayo waunjikana. Koma wina asanamizidwe kuti kusala shuga kumachiza khansa, popeza chiwindi chimapanga shuga wake ngakhale munthu asanyambite ndi kambewu komwe. Wodwala ayenera kuthamangira kuchipatala msanga.

Warburg akadamvera omutsutsa, mwina akadaona ndi maso ake mathero a ulendo umene adauyamba. Anzakewo akadapanda kutaya zimene iye adayeza, mwina sakadachedwa chotere. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utakhala mutu wolandira mphotho ya Nobel.