Chilembwe ndi Minda ya ku Magomero

Ana a sukulu akamva kuti anthu a John Chilembwe anadula mutu wa William Jervis Livingstone ku Magomero pa 23 Januwale 1915, amandifunsa kuti: "Aphunzitsi, m'busa angalole bwanji zoterezi?" Funsoli ndi loyenera, ndipo sindilizemba. Koma ndisanayankhe, timayamba tayenda m'minda ya A. L. Bruce, kumene munthu ankalima thonje la mzungu pa thangata polipirira malo amene wamangapo nyumba, uku msonkho wa boma ukumudikira. Livingstone, woyang'anira mindayo, ankatentha matchalitchi audzu a mpingo wa Chilembwe. Njala ya 1913 inali isanaiwalike. Kenaka nkhondo ya 1914 inatenga amuna kukafera ku Karonga pa mkangano wa eni ake, ndipo kalata yodandaula imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times boma linaitsekereza.

Zonsezi sizifafaniza magazi aja, ine ndimanena poyera. Komabe mwana akazimva amaweruza mlandu atamva mbali zonse, monga pabwalo la mfumu. Aphunzitsi anzanga, tisangowalowezetsa ana tsiku la tchuthi lokumbukira Chilembwe la 15 Januwale. Tiyambire nawo pa thangata.