Chitukuko chokhazikika ndi thandizo lochokera kunja: za ku Mulanje Mission ndi madera ozungulira phiri

Mawu akuti chitukuko chokhazikika amatanthauza ntchito yotukula miyoyo ya anthu a lero popanda kuwononga nthaka, madzi ndi nkhalango zomwe ana awo adzadalire, komanso yomwe siyiima opereka ndalama akachoka. M'chaka cha 2015 dziko la Malawi lidavomereza zolinga 17 za chitukuko chotere pamodzi ndi mayiko ena a m'bungwe la United Nations, ndipo mu Januwale 2021 lidakhazikitsa masomphenya ake a Malawi 2063, omwe mutu wake waukulu ndi kupanga chuma ndi kudzidalira. Dera la Mulanje Mission ndi limodzi mwa malo omwe munthu angaonere bwino momwe boma, mpingo, anthu a m'midzi ndi abwenzi akunja amagwirira ntchito limodzi, pakuti ubale wa derali ndi mayiko akunja wadutsa zaka 100.

Mishoniyi idayambitsidwa ndi amishonale a Church of Scotland kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ngati nthambi ya mishoni ya Blantyre yomwe idatsegulidwa mu 1876. Lero ili pansi pa Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP, ndipo pali tchalitchi, sukulu, chipatala ndi koleji yophunzitsa anamwino ndi azamba. Ubale wakale ndi Scotland udalowa m'pangano la maboma mu Novembala 2005, pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi nduna yaikulu ya Scotland, a Jack McConnell, adasaina mgwirizano wokhudza zaumoyo, maphunziro, ulamuliro ndi chuma. Panganoli lidakonzedwanso mu 2018 kuti ligwirizane ndi zolinga 17 zija.

Chipatala cha Mulanje Mission ndi chimodzi mwa zipatala za bungwe la CHAM, lomwe limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. Ndalama zoyendetsera chipatala chotere zimachokera mbali zitatu. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri, odwala amapereka kangachepe, ndipo zomangamanga, zipangizo ndi ntchito za m'midzi nthawi zambiri zimadalira mipingo ndi mabungwe a kunja, monga EMMS International ya ku Scotland. Palinso mapangano omwe ofesi ya zaumoyo ya boma imachita ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana alandire chithandizo popanda kulipira, boma n'kubweza ndalamazo pambuyo pake. Mbali imodzi mwa zitatuzi ikachedwa, wodwala ndiye amayamba kumva.

Chochititsa chidwi pa chipatalachi n'chakuti ntchito yake siyithera m'mawodi. Chili ndi nthambi yoona za umoyo wa m'midzi yomwe yakhala ikupopera mankhwala ophera udzudzu m'nyumba, kulimbikitsa ukhondo, ulimi wamthirira ndi kubzala mitengo, ndipo chidaika magetsi a dzuwa kuti ntchito isamaime magetsi a ESCOM akathima. Nzeru yake ndi yosavuta kumva. Mwana wonyentchera akachira n'kubwerera kunyumba komwe nkhokwe ili mbee, abweranso kuchipatala miyezi ingapo isanathe. Mulanje ndi boma lothithikana, malo ambiri achonde ali pansi pa minda ya tiyi, ndipo banja lambiri limalima kamunda kosakwana kulidyetsa chaka chonse. Pa malo ochepa chotere, kukolola kawiri kapena katatu pa chaka kudzera m'mthirira kumasintha zambiri kuposa thumba la ufa logawidwa nthawi ya njala.

Madzi a mthirirawo amachokera kuphiri, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi gwero la mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi Muloza. Nkhalango yake idakhala yotetezedwa ndi boma mu 1927. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lidalandira thandizo la thumba la Global Environment Facility kudzera ku World Bank kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kenako la dziko la Norway. Gawo lalikulu la thandizo loyambalo silidagwiritsidwe ntchito nthawi imodzi, koma lidasungidwa ngati mpamba kuti phindu lake lizilipira ntchito chaka ndi chaka. Imeneyi ndi njira imodzi yabwino yopewera kuti ntchito ife pulojekiti ikatha.

Komabe ndalama pazokha sizidapulumutse mkungudza wa Mulanje, mtengo womwe udasankhidwa kukhala chizindikiro cha dziko lino ndipo sumera mwachilengedwe kwina kulikonse. Ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa adaumaliza, kotero kuti kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Pulojekiti yothandizidwa ndi thumba la Darwin Initiative la boma la Britain idakhazikitsa nazale m'midzi yozungulira phiri, anthu n'kumafesa mbande ndi kuzigulitsa kuti zikabzalidwe pamwamba. Mbande zabzalidwa zambiri, koma mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ukule, pomwe pulojekiti imatha m'zaka zitatu kapena zisanu. Otsala ndi udindo wolambula njira zotchinga moto ndi Dipatimenti ya Zankhalango, mafumu ndi anthu a m'midzi. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, zomwe zingakope alendo ambiri ndi kutsegula msika kwa operekeza alendo, osema ziboliboli ndi ogulitsa zipatso, bola nkhalango ikhalepo.

Ku Bondo, pa mtsinje wa Lichenya, kuli chitsanzo china. Kumeneko kampani ya MEGA imapanga magetsi ndi mphamvu ya madzi otsika m'phiri n'kuwagawa kunyumba, kusukulu, kuchipatala chaching'ono ndi ku zigayo. Ntchitoyi idamangidwa ndi thandizo la bungwe la Practical Action, European Union ndi boma la Scotland mwa ena, koma ogwiritsa ntchito magetsi amagula mayunitsi, ndipo ndalamazo zimathandiza kukonza makina. Mtsinjewo ukaphwa m'chilimwe chifukwa cha kudula mitengo, magetsi nawo amachepa, ndipo wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo amaona okha mgwirizano wa nkhalango ndi bizinesi yawo.

Ndi bwino kusiyanitsa mphatso ndi ngongole, chifukwa zonse anthu amangozitcha thandizo. Ntchito yotenga madzi pa mtsinje wa Likhubula kupita ku Blantyre idamangidwa ndi ngongole ya madola 23.5 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya ku India, ndipo ngongoleyo iyenera kubwezedwa. Ntchitoyi isanayambe, anthu ena a ku Mulanje adadandaula kuti madzi akupita kumzinda pomwe midzi ya m'tsinde mwa phiri ikusowa madzi abwino, ndipo adafuna kuti mitengo ibzalidwe kaye kumtunda kwa mtsinje. Dandaulo lawo lidali lomveka. Ntchito iliyonse yotenga chuma cha dera imayenda bwino eni dera akafunsidwa poyamba.

Thandizo lakunja limathanso kuima mwadzidzidzi. Kubedwa kwa ndalama za boma kutadziwika mu 2013, mayiko othandiza adaimitsa ndalama zomwe ankaika mwachindunji m'bajeti, pa nthawi yomwe thandizo lakunja linkakwana pafupifupi 40 pa 100 iliyonse ya bajetiyo. Mu Januwale 2025 boma la United States lidaimitsa ntchito zambiri za bungwe la USAID, zomwe zidakhudza zaumoyo, maphunziro ndi zachilengedwe. Pakati pa zaka zimenezi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola minda, milatho ndi mapaipi a madzi. Freddy yekha adasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa ndi oposa 600,000 opanda pokhala, ndipo Mulanje ndi Phalombe adali mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Ndalama zomwe zikadamanga zatsopano zidapita kokonza zowonongeka.

Malinga ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu yomwe idakhazikitsidwa mu 1998, ntchito ya chitukuko imayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo ya boma. Bungwe lomwe si la boma limayenera kukhala lolembetsedwa ku NGORA ndi kudziwika ku ofesi ya bwanamkubwa lisanayambe ntchito. Alimi ndi amalonda ali ndi ufulu wofunsa pa msonkhano woyamba kuti ndalama zachokera kuti, ndi mphatso kapena ngongole, ntchito idzatha liti, ndiponso adzakonza pampu, mjigo kapena mapaipi ndani pulojekiti ikatha. Pomwe anthu akupereka malo, mchenga, njerwa kapena mphamvu zawo, mgwirizanowo ulembedwe, mfumu ndi komiti asunge kope lawo, ndipo lina lipite kwa mlangizi wa dera kuti likafike ku khonsolo ya Mulanje.