MSEU WA KU MULOZA

Munthu wa ku Milonde akafuna kukagula cimanga ku msika wa Limbuli, kapena kupita ku cipatala ca ku boma, amatulukira pa mseu waukulu wa tara umene Boma limaucha M2. Mseu umenewu ucokera ku Blantyre, nupyola pa Thyolo ndi pa Luchenza, nuzungulira m'munsi mwa phiri la Mulanje, nukathera pa mtsinje wa Muloza. Tsidya lija la mtsinje ndiko ku Milange, m'dziko la Mozambique. Masiku ano akulu a maboma afuna kuti mseuwu usakhale wa Malawi yekha, koma ukhale gawo la njira imodzi ya maiko awiri, yokafika ku nyanja yamcere. Tisanabvomere kapena kukana, tiyambe taona mbiri yace.

MAPAZI NDIWO ANAYAMBA

Kale, kusanabwere galimoto, anthu ankayenda pansi kucokera kuno kunka ku Quelimane. Amalonda ankanyamula minyanga ya njobvu, natenganso akapolo. Pobwera ankasenza nsaru, mikanda, mfuti ndi wonga. Njira ina inkadzera pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi. Cifukwa cace m'caka ca 1893 Angerezi anamanga linga pamenepo, nalicha Fort Lister, kuti atseke malonda oipawo.

M'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire. Mtsinje wa Ruo ndi wa Muloza inasanduka mzere wolekanitsa maiko, ngakhale anthu a tsidya lino ndi a tsidya lija anali abale. Malirewo sanaletse mapazi. Alomwe ambiri anaoloka, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nadzakhala m'minda ya Azungu, kumene anagwira thangata. Ndiwo anakuza minda ya tiyi imene tiiona m'mbali mwa mseu lero.

NJANJI IPAMBANA MSEU

M'caka ca 1908 njanji inafika ku Blantyre kudzera pa Luchenza. Tsono tiyi wa ku Mulanje anayamba kulowera kumadzulo, kukakwera sitima. M'caka ca 1935 mlatho wa pa Zambezi unatha, ndipo katundu ankafika ku dooko la Beira osatsika m'sitimamo. M'caka ca 1970 njanji yina inatsegulidwa yopita ku Nacala. Cotero mseu wa kum'mawa, wopyola pa Milange kunka ku Mocuba, unatsala wafumbi m'cilimwe ndi wamatope m'dzinja.

Pamenepo kunagwa nkhondo ya pacibale ku Mozambique. Njanji zonse ziwiri zinaduka, ndipo katundu wa Malawi ankazungulira kutali, mpaka ku Durban. Mitengo ya zinthu inakwera. M'caka ca 1986 nkhondo inafika pa Milange peni peni, ndipo khamu la anthu linaolokera ku Muloza. Mseu umene ukadanyamula malonda unanyamula othawa nkhondo. Apo Amalawi anaphunzira kuti dziko lopanda nyanja yamcere lisamadalire khomo limodzi.

MTENDERE NDI MAPANGANO

Nkhondo inatha ndi pangano la ku Rome m'caka ca 1992. M'caka ca 1996 maiko a SADC anasonkhana ku Maseru, nagwirizana kuti miseu yao yaikulu ilumikizane ndi kusamalidwa ngati ya banja limodzi. Pambuyo pa caka ca 2010 mseu wa Milange kunka ku Mocuba, wa makilomita pafupi 190, unathiridwa tara ndi ndarama za European Union. Pa Mocuba ukumana ndi mseu waukulu wa Mozambique. Wokhotera kumwera akafika ku Quelimane, wokhotera kumpoto akafika ku Nampula ndi ku Nacala. M'caka ca 2021 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inabvomera kuthandiza Malawi ndi Mozambique kukonza njira zao za malonda ndi zipata za m'malire.

DZINA SI MSEU

Kupatsa mseu dzina latsopano nkosabvuta. M'caka ca 2006 mseu wa Midima, wocokera ku Limbe kudza ku Mulanje, unachedwa dzina la Robert Mugabe, koma anthu ambiri amangoti Midima mpaka lero. Cimene cipangitsa mseu kukhala wa maiko awiri si cikwangwani ai. Pafunika milatho yolimba, pakuti m'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagumula miseu ndi milatho m'boma la Mulanje. Pafunika kuti lole isagone masiku pa cipata kudikira mapepala. Koposa zonse pafunika mtendere mbali zonse ziwiri.

Akulu akale anati, walira mvula walira matope. Mseu waukulu ungathe kutsitsa mtengo wa feteleza ndi mcere, nufikitsa nanazi ndi nthoci zathu ku misika yakutali. Koma ubweretsanso malole othamanga pamene ana aoloka kunka ku sukulu. Ukakuzidwa, ungadye minda ndi masitolo a m'mbali mwace. Ndipo pali mnyamata uja wa njinga amene amaolotsa matumba a cimanga pa Muloza: kodi malamulo atsopano adzamlola kupitiriza nchito yace?

Cifukwa cace, inu owerenga, pamene mfumu iitana msonkhano wa za mseu, musatsale kunyumba. Funsani kumene mseu udzadzera, amene adzalipira eni minda, ndi pamene ana adzaolokera. Makolo athu ndiwo anaponda njirayi maboma asanaipatse nambala, ndipo nkoyenera kuti ana ao amveke pokambirana za mawa lace.