Kuimika nsanja ya windpomp

M'mafamu a ku Karoo, ku South Africa, madzi amapopedwa ndi windpomp, makina oyendera mphepo okhala pansanja yachitsulo. Nsanjayi timaimanga itagona pansi, n'kumangirira miyendo iwiri ku maziko ndi mabauti kuti izitembenukirapo ngati chitseko. Konkire ayambe walimba kaye. Mphamvu zake zimakwana pakatha masiku 28.

Chingwe chokokera chimadutsa pamwamba pa mlongoti woimikidwa patsinde, apo ayi nsanja imangokwekwezeka. Zingwe ziwiri zam'mbali zimailetsa kupendekera. Chosayenera kuiwalika ndi chingwe chakumbuyo: nsanja ikatsala pang'ono kuongoka, kulemera kwake kumaikokera kutsogolo, ndipo ikhoza kupitirira n'kugwera okokawo. Tisaimike kukuomba mphepo kapena pafupi ndi mawaya a magetsi, ndipo pansi pake pasaime munthu.