Mbiri ya Kafukufuku wa Nkhani Zoopsa za Gothic

Nkhani za Gothic zinayambira ku England m'caka ca 1764, pamene Horace Walpole anasindikiza The Castle of Otranto. Mary Shelley anatulutsa Frankenstein mu 1818, ndipo Bram Stoker anatsatira ndi Dracula mu 1897. Kwa nthawi yaitali akatswiri ambiri a zolembalemba ankaziyesa nkhani zacibwana. Maganizo amenewa anasintha kwambiri David Punter atafalitsa The Literature of Terror mu 1980. Iye anaonetsa kuti mizukwa ndi mabwinja a m'mabukuwa zimaulula mantha a anthu pa za ulamuliro, cuma ndi banja. Motero tikuona kuti nthano zathu za mfiti ndi mizukwa, zimene tinazolowera kumvera pamoto, ziyenera kusanthulidwa mozama comweco m'makalasi athu.