Kugumuka kwa Chipale Chofewa m'Mapiri a Alps

M'mapiri a Alps ku Ulaya, nyengo yachisanu kumagwa chipale chofewa, madzi oundana oyera ngati ufa. Anthu ena amakonda kutsetsereka pa chipalechi ndi matabwa otchedwa ski, kutali ndi njira zokonzedwa. Ngozi yaikulu kumeneko ndi kugumuka kwa chipale, komwe tingakufanizire ndi napolo.

Choyamba tidziwe kuti ngoziyi sionekera pamwamba. Chipale chimagwa masiku osiyanasiyana, motero chimasanjikizana m'magawo. Gawo lina limalimba chifukwa cha mphepo, lina limakhala losagwirana ngati shuga. Lolimba likakhala pamwamba pa lofooka, kulemera kwa munthu mmodzi kumatha kuling'amba, lonse n'kutsetsereka nthawi imodzi. Pa ngozi 10 zilizonse zopha anthu, pafupifupi 9 amaziyambitsa ndi wokwiriridwayo kapena anzake.

Kodi odziwa amayeza bwanji? Asananyamuke amawerenga chenjezo. Ku Switzerland, bungwe la SLF la ku Davos lakhala likulemba machenjezo oterewa kuyambira mu 1945. Mu 1993 mayiko a ku Ulaya anagwirizana za mulingo umodzi, kuyambira 1 mpaka 5. Pafupifupi theka la imfa limachitika pa mulingo 3, pamene ambiri amaganiza kuti zinthu zilibwino.

Akafika kuphiri amayang'ana kutsetsereka kwa malo, pakuti chipale chimagumuka kwambiri potsetsereka madigiri 30 mpaka 45. Kenako amakumba dzenje kuti aone magawo aja. Amadula chipilala cha chipale cha masentimita 30 mbali zonse, n'kuikapo fosholo pamwamba, n'kuimenya mpaka ka 30, akuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Chipilala chikang'ambika msanga, ndiye kuti pansi pali gawo lofooka. Ming'alu yothamanga kuchokera kumapazi, kapena chipale chotitimira ndi mkokomo, ndi chizindikiro choti abwerere.

Ngozi ikachitika, nthawi imachepa. Wofukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira kawirikawiri amapulumuka. Pakatha mphindi 35, ambiri amakhala atafa chifukwa chosowa mpweya. Kalekale amonke a pa Great St Bernard Pass ankafufuza apaulendo otayika mothandizidwa ndi agalu. Lero aliyense amanyamula fosholo, ndodo yofufuzira ndi kachipangizo kosonyeza pamene wakwiriridwa, chifukwa omupulumutsa oyamba ndi anzake a paulendo.